Duncan Avala Malaya a Mkulu Wake

1. Malungo a Austin

Malungo anamugwira Austin Goliati Lachinayi, kutatsala masiku awiri kuti ulendo wa njinga zamoto uchitike. Pofika Lachisanu masana anali gone, atafunda mabulangete awiri, mano akugundana.

Austin anali wakabaza wa njinga yamoto pa Tsangano. Kwa zaka zitatu anakhala akunyamula anthu ndi matumba a kachewere m'tinjira ta m'mapiri, osagwetsapo munthu. N'chifukwa chake pamene kalabu ina ya okwera njinga zamoto ya mumzinda inabwera kudzakonza ulendo wa m'tchire, dzina lake linali loyamba pa anyamata asanu a m'deralo amene analoledwa kukwera nawo.

Ulendowo unali woyambira pabwalo la mpira, kuzungulira m'mapiri, kuwoloka mitsinje iwiri, n'kudzathera pabwalo pomwepo. Wokwera aliyense analembetsa dzina, anaonetsa laisensi, n'kupatsidwa malaya achikasu okhala ndi nambala kumsana. Malaya a Austin anali nambala 14. Anawakoleka pamsomali kuchipinda, ndipo mng'ono wake Duncan ankangowayang'ana.

Duncan anali ndi zaka 17. Anali fomu 4, mayeso atatsala milungu itatu. Njinga ankaidziwa ndithu, poti Austin anamuphunzitsa pabwalo la sukulu ndipo nthawi zina ankamutuma nayo kuchigayo. Koma laisensi analibe, ndipo mitsetse ya m'mapiri m'nyengo ya chiperoni anali asanailawepo.

"Achimwene, ndiye malo anu angopita pachabe?" anafunsa Duncan.

"Apite," anayankha Austin ali m'bulangete. "Chaka chamawa chilipo."

"Bwanji ndikakwere ine? Msinkhu wathu ndi umodzi. Ndikavala helemeti angandidziwe ndani?"

Austin asanayankhe, pakhonde panamveka kutsokomola.

2. Chenjezo la a Jasper

A Jasper, bambo wa anyamatawa, anali pakhonde akusankha mbewu ya kachewere. Unyamata wawo anathera kumigodi ya ku Joni, ndipo anabwerako ndi chifuwa chosatha. Mayi wa anawo anamwalira Duncan ali sitandade 5, choncho a Jasper analera okha anyamata awiriwo.

"Duncan, tatuluka. Khala apa," iwo anatero, akuloza kampando.

Duncan anakhala.

"Zimene wanenazo ndamva. Ndiye nawe umve zanga.

"Kumgodi kuja munthu sankadziwika ndi nkhope. Pansi pa nthaka nkhope zonse n'zakuda. Aliyense adali ndi nambala yake, pachipewa ndi panyali. Ukamatsika amalemba nambala, ukamatuluka amachonga.

"Tidali ndi mnzathu Fanizo, wa ku Kasinje uku, ndi msuweni wake Chimango. Tsiku lina Chimango adadzuka thupi likuphwanya. Tsikulo Fanizo lidali lake lopuma. Ndiye adati, 'Gona, msuweni, ndikulowera ine.' Adavala chipewa cha Chimango, adanyamula nyali ya Chimango. Sadaganize choipa ayi. Chidali chifundo.

"Masana mwala udagwa. Anthu atatu adatsalira komweko, mmodzi mwa iwo Fanizo. Akuluakulu a mgodi adaona manambala amene sadatuluke, ndipo uthenga udabwera kumudzi kuti Chimango wafa. Mkazi wa Chimango adameta, adalira. Mkazi wa Fanizo adapita kukamupepesa, adatunga madzi pamaliropo, adaphika nawo, osadziwa kuti wamasiye ndi iyeyo.

"Chimango adachita mantha. Adaopa kuchotsedwa ntchito, adaopa kumangidwa. Miyezi inayi adakhala akuyankha dzina la munthu wakufa. Ifenso amene tinkadziwa tidatseka pakamwa, ndipo chimenecho chimandiwawa mpaka lero. Chilungamo chitadziwika adabwerera kumudzi, koma sadakhalenso munthu. Mabanja awiri aja mpaka pano sapalana moto.

"Mwanawe, dzina la munthu si jekete yoti muzibwerekana kukazizira. Ukavala dzina la mnzako, chabwino chimene uchite chipita kwa iye, choipanso chipita kwa iye. Mkulu wako boma limamudziwa kuti ndi woyendetsa njinga. Iwe limakudziwa kuti ndiwe mwana wasukulu. Mawa ukhale pano uwerenge. Ukamaliza mayeso, zaka zikakwana, ine ndemwe ndidzakuperekeza kukatenga laisensi. Wamva?"

"Ndamva, ababa."

"Kumva kwa khutu kapena kwa mtima?"

"Kwa mtima, ababa."

A Jasper anamuyang'ana kanthawi, n'kubwerera kudengu lawo.

3. Pabwalo la Mpira

Loweruka kunacha ndi chifunga komanso kamvula kowaza. A Jasper analawirira kumsonkhano wa akulu a mpingo, umene unali wotha tsiku lonse. Austin atamwa mankhwala anagona tulo tofa nato.

Duncan anatsegula buku n'kukhala pakhonde. Anawerenga tsamba limodzi. Ali pa tsamba lachiwiri, kubwalo kunayamba kumveka kulira kwa mainjini, ina ikaleka ina n'kuyamba. Anatseka bukulo.

Analowa kuchipinda monyang'ama. Anatsitsa malaya pamsomali, anatenga helemeti, anapisa dzanja m'thumba la jekete ya mkulu wake n'kutulutsa kiyi. Njinga anaikankha mpaka kumsewu ndipo anakailizira komweko.

Pabwalo panali anthu ngati tsiku la msika. Njinga za alendo zinali zitalizitali, matayala ake a mano akuluakulu, ndipo anabwera nazo pamalole. Ya Austin inkaoneka ngati mwana wa mbuzi pakati pa ng'ombe. Duncan anatsitsa galasi la helemeti n'kukaima kumapeto kwa mzere.

Mtsogoleri wa ulendowo anali mayi Janeti, munthu wa imvi zapatalipatali amene anakwera njinga zaka zambiri. Anaima pamwamba pa lole atagwira chimkuzamawu.

"Mvetserani bwino," iwo anatero. "Uwu si mpikisano. Palibe mphoto ya wofika koyamba. Njira yathu taimangirira tinsalu tofiira m'mitengo. Eni minda tinagwirizana nawo kuti tidutsa momwemo basi, ndipo anthu okhala m'njiramo achenjezedwa. Kunja kwa tinsalu kuli anthu amene akuyenda ngati tsiku lina lililonse. Amenewo sakutiyembekezera. Ukatsalira usathamange, kumbuyo kwenikweni kukubwera mnzathu wokhala ndi masipanala ndi mankhwala, akupeza. Mnzako akagwa, ima. Ukagunda ngakhale nkhuku, ima, upepese, undiuze. Ine ndaikapo anzanga awiri m'manda chifukwa cha phuma, sindifuna wachitatu."

Kenaka anayamba kuitana mayina. "Nambala 14, Austin Goliati!"

Duncan anakweza dzanja.

Pambali pake panali Mfundo, wakabaza mnzake wa Austin. Mfundo anayang'ana njinga, anayang'ana malaya, kenaka maso ake anatsikira kumapazi.

"Nsapato za kusukuluzi Austin wayamba liti kuvala?" anafunsa chapansipansi.

"Chonde, a Mfundo, musandiulule. Achimwene akudwala."

"Akudziwa kuti uli kuno?"

Duncan anayang'ana kumbali. Mfundo anapukusa mutu.

"Iwe mwana iwe. Chabwino, uzikhala pambuyo pangapa. Pamene ndadutsa ine, iwenso udutse pomwepo."

4. Kunja kwa Tinsalu Tofiira

Ola loyamba zinthu zinayenda bwino. Njinga zinandondozana m'kanjira kokwera phiri, matope akuthovukira m'mbali. Ana anaima m'mphepete mwa minda akukuwa. Ena ataizindikira njinga ya kwawo anafuula, "Austin! Austin!" Duncan anawaimbira hutala mosangalala.

Mtsinje woyamba anawoloka bwinobwino. Wachiwiri unali ndi madzi ambiri chifukwa cha mvula ya masiku atatu. Mfundo analowa mwamphamvu n'kutulukira tsidya lina. Duncan anachita mantha ali pakati, anachepetsa moto, njinga n'kuzima.

Anatsika, madzi akumulekeza m'mawondo, n'kuikankhira kumtunda. Anzake anamudutsa mmodzimmodzi. Aliyense ankachepetsa liwiro kufunsa ngati zili bwino, iye n'kumawakodola kuti azipita. Anaponda kiki kasanu, kakhumi, njinga osalira. Phokoso la anzake linazimiririka kuseri kwa phiri.

Ankadziwa kuti munthu wa masipanala uja akamupeza amuuza kuti avule helemeti. Anaponda kiki ndi mphamvu zake zonse. Njinga inatsokomola, inatulutsa utsi, n'kulira.

Patsogolo pang'ono njira inagawikana. Kansalu kofiira kanali kumanja, kumene njira inkazungulira phiri lonse. Kumanzere kunali kanjira kachidule kotsetsereka m'minda, kokatulukira pamlatho wamatabwa pamene gululo linkayenera kudutsa. Duncan anadutsamo kambirimbiri wapansi.

Anakhotera kumanzere.

Kanjirako kanali koterera ngati sopo. Chifunga chinali chitakuta chigwa chonse, ndipo galasi la helemeti linali litachita nthunzi. Njinga inkathamanga yokha chifukwa cha mtsetse, koma iye anawonjezeranso moto.

Pokhota pena, pamene nsenjere zinaphimba njira, anangoona munthu ali pafupi kale. Anali mayi wachikulire, atasenza dengu la kachewere. Duncan anaponda buleki. Tayala lakumbuyo linatsetsereka, njinga inapita cham'mbali, ndipo inawakolopola miyendo mayiwo.

Onse anagwa. Kachewere anamwazikana, ena akugubuduzika kutsikira kudambo.

Duncan anadzuka bondo likuwotcha. Mayi aja anali gone chagada, mutu uli pamwala, mwendo umodzi utapindika molakwika. Magazi ankatuluka kukhutu.

"Amayi! Amayi!" anaitana, akuwagwedeza phewa.

Sanayankhe. Chifuwa chokha ndicho chinkakwera ndi kutsika pang'onopang'ono.

Kumunda kwa kumtunda kunamveka mfuu. "Wagunda munthu! Thamangani, wagunda munthu!" M'chifungamo munatulukira amuna atatu akuthamanga, makasu ali m'manja.

Duncan anaonapo kumsika zimene gulu la anthu okwiya linachita kwa mnyamata wina woganiziridwa kuba. Anawayang'ananso mayi aja kamodzi, anadzutsa njinga, anaikwera n'kuisiya itsetsereke mpaka inalira.

Kumbuyo kwake mayi wina anakuwa, "Ndamuona! Nambala 14! Ndi Austin uja wakabaza!"

5. Satifiketi

Pamlatho wamatabwa anapeza gulu likuwoloka, ndipo analowa pamzere ngati sanachokepo. Mfundo anabwerera m'mbuyo pang'ono mpaka anayandikana naye.

"Unali kuti? Ndakudikira pamwamba paja osakuona."

"Njinga inazima mumtsinje."

"Nanga nyali yaswekayi?"

"Ndinagwa."

Mfundo anayang'ana kanjira kakumanzere kamene kankatulukira pafupi ndi mlathowo. M'matope munali mkukuluzi watsopano wa tayala.

Anafika pabwalo dzuwa litapendeka pang'ono, ngakhale silinkaoneka. Panali nyimbo, zakumwa ndi nyama yowotcha. Okwera anavula mahelemeti, akuseka ndi kujambulana matope kumaso. Duncan yekha sanavule.

Mayi Janeti anayamba kupereka masatifiketi. Atafika pa nambala 14 anamugwira chanza.

"A Goliati, mwatiyendetsa bwino kwanu kuno. Koma helemeti simuvula? Kapena kuzizira?"

"Eya, mayi."

Anamupatsa pepalalo. Duncan anaima pomwepo osasuntha.

"Mayi," iye anatero.

"Ee, pali kanthu?"

Anthu anali akuwomba m'manja. Wojambula anali atalozetsa kamera kwa iwo.

"Ayi. Zikomo."

Anapinda satifiketi ija n'kuiika m'thumba, ndipo anachoka osalawa kanthu.

Kunyumba anatunga madzi n'kutsuka njinga. Anachapa malaya achikasu aja n'kuwayanika kuseri kwa nkhokwe. Akulowa m'nyumba anapeza Austin atakhala tsonga pabedi, maso ali pamsomali wopanda kanthu.

"Wapita basi?"

"Eya, achimwene."

"Ababa atakuuza zonse zija?" Austin anapuma movutikira. "Ukutsimphina. Wagwa?"

"Pang'ono."

"Wagwa wekha?"

"Ndekha."

Austin anagonanso n'kutembenukira kukhoma. "Ndikachira tidzakambirana. Choka, mutu ukundiwawa."

6. Galimoto Pakhomo

A Jasper anabwera cha m'ma 4 koloko. Anali asanavule n'komwe jekete ya kutchalitchi pamene galimoto ya polisi inaima pabwalo. Munatsika apolisi awiri ndi mayi Janeti. Nkhope ya mayiwo inali itasintha.

Atalonjerana, wapolisi wamkulu anafunsa, "Pano ndi pa a Goliati? Tikufuna Austin."

"Ndi mwana wanga. Kwagwanji?"

"Mayi ena, a Regina, a kuseri kwa phiri uku, agundidwa ndi njinga yamoto lero m'mawa. Wowagundayo wathawa, kuwasiya ali thapsa. Anthu awanyamula pamachira mpaka kumsewu, ndipo pano ali kuchipatala cha kuboma. Mpaka tsopano sanatsitsimuke. Mboni zinayi zaona nambala 14."

"Malowo ali kunja kwa njira yathu," anawonjezera mayi Janeti. "Ine ndamupatsa satifiketi ndi dzanja langali, osadziwa kanthu."

Duncan anali pakona pa nyumba, atagwira ndowa.

"Abwana, pali kulakwitsa," anatero a Jasper. "Austin wagona ndi malungo kuyambira Lachinayi. Ine pochoka m'mawa ndamusiya ali..."

"Ndili pano."

Austin anali ataima pakhomo, atadzikulunga bulangete, dzanja limodzi litagwira chitseko. Anayang'ana apolisi, anayang'ana njinga yotsukidwa ndi nyali yake yosweka. Pomaliza anayang'ana mng'ono wake.

"Ndinakwera ndine," iye anatero. "Inu mutachoka, ababa, ndinamvako bwino, ndiye ndinapita."

"Ndi ameneyu, mayi?" wapolisi anafunsa.

"Nkhope sindinaione, sanavule helemeti," anayankha mayi Janeti. "Koma msinkhu ndi womwewu."

Wapolisi wachiwiri anazungulira kuseri n'kubwera ndi malaya achikasu, akudontha madzi.

"Tiyeni, achimwene. Ngati muli pamankhwala, tengani."

"Duncan, dzandithandize kuvala," anatero Austin.

Atalowa kuchipinda, Duncan anagwada pansi misozi ili chuchuchu. "Achimwene, ndikanena. Ndine ndawagunda. Ndinaopa makasu."

Austin anamugwira pakamwa ndi dzanja lotentha ngati mbaula.

"Tseka pakamwa pakopo. Ine ndili ndi laisensi, mlandu wanga ucheperako. Iwe ulibe, wabanso dzina, ndipo mayeso ali pakhomo. Zaka zitatu ndakhala ndikunyowa ndi mvula panjinga kuti iwe uphunzire. Usandiwonongere zimenezo."

"Nanga akamwalira?"

Austin anavala jekete, anatenga mapiritsi ake, natuluka.

Apolisi anakweza njinga kumbuyo kwa galimoto. Austin anakwera movutikira n'kukhala pambali pake, akunjenjemera ndi kamvula kaja. Anthu oyandikana nawo anali atadzaza kumpanda. Duncan anaima pakhonde akungoyang'ana. Galimoto inanyamuka.

7. Bondo

Anthu atabalalika, a Jasper anakhala pakampando kawo. Anatsokomola nthawi yaitali. Atapeza mpweya anati, "Bwera kuno. Kweza buluku."

Duncan anakweza. Bondo linali losupuka, magazi atauma mosakanikirana ndi dothi lofiira.

A Jasper sanakalipe. Sanatukule dzanja. Anangovula chipewa n'kuchiika pamwendo.

"Munthu amene dzulo amalephera kupita kuchimbudzi yekha, lero akawoloke mitsinje iwiri panjinga? Ndinadziwa asanatsirize kulankhula. Ndinadikira kuti ndimve mawu ako, koma sanamveke.

"Tamvera. Mayi amene wamusiya pamwala uja ali ndi ana ake, kapena ndi zidzukulu zimene zikudikira kuti abwere adzaphike. Mkulu wako akagona pasimenti ndi malungo. Iye akuganiza kuti akukuthandiza, koma akukusenzetsa katundu amene sudzamutula mpaka imvi. Mayeso ukhoza kukhoza, ntchito ukhoza kuipeza, koma tsiku lililonse ukadzamuona Austin uzidzayang'ana pansi.

"Ine sindikukoka kupita nawe kupolisi. Wakula, wayendetsa njinga wekha, wathawa wekha. Mawa ndilawirira kuboma. Ndikayamba kuchipatala kukaona mayi uja, kenaka kwa mkulu wako. Galimoto yoyamba imanyamuka 6 koloko. Ukafuna kukwera nane, ukalankhule ndi pakamwa pako. Ukafuna kutsala, tsala ndi mabuku akowo."

Duncan asanayankhe, kumsewu kunamveka njinga yamoto. Inakhotera pabwalo n'kuzima. Anali Mfundo, akadali m'malaya ake achikasu. Anavula helemeti, anagwada pang'ono kulonjera a Jasper, kenaka anatembenukira kwa Duncan.

"Apolisi andipeza pasiteji," iye anatero. "Akuti ine ndi amene ndinaima pafupi ndi nambala 14 pabwalo paja, ndiye mawa m'mawa ndikapereke umboni. Ine kunama pamaso pa boma sindinayambe ndanamapo. Tandiuza, Duncan, ndikanene kuti m'helemeti muja munali ndani?"